Mcira wa dzina la pa intaneti: mwini wake ndani?

Mukanyamuka ku Tete pa mseu wopita kumpoto, mumadutsa m'distrito yathu ya Chifunde mpaka kukafika pa cipata ca Cassacatiza. Mukaoloka, muli ku Chanida, m'dziko la Zambia, ndipo Katete sali patali. Mbali ino timagula ndi metical, mbali inayo amagula ndi kwacha. Aliyense amadziwa pamene pali malire.

Pa intaneti palinso malire, koma ndi a zilembo ziwiri zokha. Dzina likathera ndi .mz, ndi la ku Mozambique. Likathera ndi .zm, ndi la ku Zambia. Yang'anitsitsani bwino: zilembo ndi zomwezo, m ndi z, zangosinthana malo. La ku Malawi limathera ndi .mw. Wowerenga mothamanga akhoza kulowa m'dziko la eni osadziwa.

Zilembo za kumapetozi m'nkhani ino tizizichula kuti mcira wa dzina. Kale micira inali yocepa. Lero ilipo yoposa 1,400. Ina anthu analimbirana mpaka kukafika ku khoti, ndipo ina akuba amaikonda kwambiri.

Dzina ndi mcira wake

Tsamba lililonse la pa intaneti lili ndi adiresi yake. Makompyuta amadziwana ndi manambala, koma ndani angasunge manambala ataliatali m'mutu? Zili ngati m'foni yanu. Nambala ya alamu anu simuiloweza. Mumangolemba dzina lawo, foni n'kupeza nambala yokha. Dzina la pa intaneti limagwira nchito yomweyo.

Tengani dzina ili: portaldogoverno.gov.mz. Ndi tsamba la boma la Mozambique. Powerenga buku timayambira kumanzere kupita kumanja. Koma pofuna kudziwa mwini wa dzina la pa intaneti, yambirani kumanja. Zilembo mz zikuchula dziko. Zilembo gov zikuti ndi boma. Mawu atsalawo ndi dzina la tsambalo. Pa Ciputukizi dzina lotere amati domínio, ndipo kadontho amati ponto. Ndiye mukamva pa wailesi akuti "ponto co ponto mz", akuchula mcira wa makampani a kuno kwathu, .co.mz.

Micira ili mitundu iwiri. Ya zilembo ziwiri ndi ya maiko. Wathu wa .mz unayamba mu 1992, caka comwe cija anasainirana mtendere ku Roma, ndipo anausunga ndi a CIUEM, ofesi ya makompyuta ya pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Lamulo nambala 3/2017 linapereka udindo woyang'anira nkhani zimenezi ku bungwe la boma la INTIC. Mtundu wina ndi micira yopanda dziko, monga .com, .org ndi .net. Iyi inayamba mu 1985, ndipo munthu wa dziko lililonse akhoza kulembetsa dzina kumeneko.

Dzina la pa intaneti siligulidwa ngati njinga. Amangokubwereketsani, inu n'kumalipira caka ndi caka. Likufanana pang'ono ndi munda kuno kwathu: nthaka ndi ya dziko, munthu amakhala ndi ufulu wolimapo, uja timati DUAT. Koma pali kusiyana kwakukulu. Munda wa makolo anu ngwanu ngakhale mulibe pepala, cifukwa lamulo la malo la 1997 limavomereza mwambo, ndipo a nyakwawa ndi anansi akhoza kukucitirani umboni. Pa intaneti kulibe nyakwawa. Woyamba kulembetsa ndiye watenga, basi. Mikangano yambiri imayambira pamenepa.

Caka cimene khomo linatseguka

Buku lalikulu la micira limayang'aniridwa ndi bungwe lochedwa ICANN. Linakhazikitsidwa mu 1998, ndipo likulu lake lili ku Los Angeles, ku America. Si boma, koma maboma a maiko ali ndi komiti yawo imene imalipatsa malangizo.

Mu 2012 ICANN inati aliyense wofuna kukhala ndi mcira wakewake apemphe. Mtengo wongoperekera pempho unali madola 185,000 a ku America. Pa mtengo wa dola wa masiku ano, ndi meticais oposa mamiliyoni 11. Mapempho anafika 1,930. Ocokera ku North America anali 911, ocokera ku Ulaya 675. Ocokera mu Africa monse anali 17 okha. Pajatu liwiro la mumcenga n'kuyambira limodzi, koma apa ena anayambira patali.

Makampani awiri kapena atatu akafuna mcira umodzi, n'kulephera kugwirizana, mcirawo unkagulitsidwa pa okushoni. Wokweza mtengo ndiye ankatenga. Google inalipira madola 25 miliyoni pa .app. Mcira wa .web unafika madola 135 miliyoni mu 2016, ndipo oluza anakadandaula, nkhani n'kukoka zaka zambiri. Pamapeto pake micira yatsopano yoposa 1,200 inalowa m'buku. Ina ndi ya mizinda, monga .joburg, .durban ndi .capetown ku South Africa.

Mlandu wa .africa

Mcira wa .africa anaufuna ndi mabungwe awiri. Loyamba linali ZA Central Registry la ku South Africa, lomwe linkasunga kale maina a .co.za. Ili linasankhidwa ndi African Union, bungwe la maiko onse a mu Africa. Laciwiri linali DotConnectAfrica, mwacidule DCA, lotsogozedwa ndi Sophia Bekele, mayi wobadwira ku Ethiopia. A DCA anali ndi kalata ya mu 2009 yocokera ku African Union yowavomereza, koma bungwelo linadzanena kuti kalatayo laibweza.

Pali kanthu kena koseketsa. Polemba pempho lawo, a DCA analemba .dotafrica m'malo mwa .africa. ICANN inawalola kukonza. Ngakhale ophunzira kwambiri amaphonya zilembo, ndiye inu musamacite manyazi m'kalasi.

Lamulo linkati wofuna mcira wa dzina la cigawo ca dziko lapansi akhale ndi cilolezo ca maboma osacepera 60 pa 100 alionse a m'cigawoco. Mu 2013, pa msonkhano wa ku Beijing, komiti ya maboma inalangiza ICANN kuti pempho la DCA lisapitirire. ICANN inamvera, ndipo mu 2014 inasainirana pangano ndi a ku South Africa aja. A DCA sanagonje. Anakadandaula kwa oweruza apadera, ndipo mu 2015 oweruzawo anati ICANN inalakwa: inataya pempho la DCA osatsata bwino malamulo ake omwe. Pempholo linabwezedwa kuti liunikidwenso. Linagwanso, cifukwa linalibe cilolezo ca maboma okwanira.

Mu 2016 a DCA anakasuma ku khoti ku California. Woweruza woyamba anaimitsa zonse. Mlandu unasamukira ku khoti lina, ndipo kumeneko anakana kuimitsa. Pa 15 Febuluwale 2017 mcira wa .africa unalowa m'buku, ndipo mu Julayi caka comweco anthu wamba anayamba kulembetsa maina awo. Mlandu suola: unapitirirabe, a DCA n'kuluza mu 2019, n'kuluzanso pa apilo mu 2021.

Taganizani. Dzina la Africa, olimbirana onse ndi a mu Africa, koma bwalo lili ku America. Zaka zisanu zinatha anthu akudikira. Komabe tisaiwale mbali inayo. Kabungwe kakang'ono kanatha kuimitsa bungwe lalikulu n'kulionetsa kuti laphwanya malamulo ake. Njira yodandaulira ilipo, ngakhale kuti ndi yodula.

Dzina la mtsinje, dzina la mtundu wa anthu

Amazon ndi mtsinje waukulu ndiponso nkhalango ya ku South America. Ndi dzinanso la kampani yaikulu ya ku America yogulitsa katundu pa intaneti. Mu 2012 kampaniyi inapempha mcira wa .amazon. Brazil ndi Peru anakana, ndipo maiko onse 8 a m'cigwa ca mtsinjewo anagwirizana nawo. Iwo ankati dzinalo ndi la anthu okhala kumeneko, si la wamalonda mmodzi. Mu 2014 ICANN inakana pempholo. Kampani inadandaula, n'kupambana mu 2017. Inayesanso kunyengerera maikowo ndi mphatso za katundu wake za madola 5 miliyoni, iwo osalola. Mu 2019 ICANN inapereka mcirawo kwa kampani. Kampaniyo inalonjeza kuti sidzagwiritsa nchito mawu okhudza cikhalidwe ca anthu a ku Amazon, ndiponso kuti idzapatsako maikowo maina ocepa. Maikowo sanakondwe.

Kwina zinatha mosiyana. Kampani ya zovala inapempha .patagonia, Argentina ndi Chile anakana, kampaniyo n'kubweza pempho lake. Kampani ina ya kunja inapempha .zulu. Maboma anaika dzinali pa mndandanda wa maina ofunika kuwaunikanso, ndipo pempholo linacotsedwa. Mcira wa .zulu kulibe.

Caona mnzako capita, mawa cili pa iwe. Bwanji mawa kampani ina itapempha .zambezi, kapena .chewa, kapena .nyau? Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005 ngati cuma ca Mozambique, Malawi ndi Zambia. Acewa a maiko atatuwa amakumana ku Kulamba ku Mkaika, kwa Kalonga Gawa Undi. Koma amene amamveka msanga ku ICANN ndi maboma, kudzera m'komiti yawo ija. Gulu la anthu likhozanso kutsutsa pempho, koma liyenera kulemba madandaulo pa nthawi yake ndi kulipira. Kunena zoona, dzina la anthu a m'midzi limatetezeka pokhapokha wina ku Maputo, ku Lilongwe kapena ku Lusaka ali maso.

Wina akatenga dzina la bizinesi yanu

Mikangano yambiri si ya mcira, koma ya dzina limene lili patsogolo pa kadontho. Pali anthu amene amathamangira kulembetsa maina a makampani a eni, n'kumadikira kuti eni akewo adzagule pa mtengo wokwera. Ena amatenga dzinalo kuti azinamiza ogula.

Kuyambira 1999 pali njira yothetsera milandu yotere osapita ku khoti. Amaichula kuti UDRP. Milandu yambiri imaweruzidwa kudzera ku WIPO, bungwe la United Nations lomwe lili ku Geneva. Zonse zimacitika polemberana, palibe kukwera ndege. Wodandaula ayenera kuonetsa zinthu zitatu, ndipo zonse zitatu zikwane. Dzinalo likufanana kapena likusokoneza ndi cizindikiro ca malonda ake. Amene walitengayo alibe cifukwa comveka cokhalira nalo. Analilembetsa ndipo akuligwiritsa nchito ndi mtima woipa. Wodandaula akapambana, dzina limasamutsidwira kwa iye kapena limafafanizidwa. Nthawi zambiri nkhani imatha m'miyezi iwiri. Ndalama za cipukuta misozi palibe.

Mtengo wake ku WIPO ndi madola 1,500 ngati woweruza ndi mmodzi, kapena kuti meticais oposa 90,000, osawerengera loya. Kwa banki imeneyi si ndalama. Kwa gulu la alimi a mtedza ku Mualadzi kapena ku Nsadzu, ndi zokolola za anthu ambiri. Njirayi anaipangira amene ali ndi zizindikiro za malonda ndiponso ndalama, tisanamizane. Kuno kwathu cizindikiro ca malonda cimalembetsedwa ku Instituto da Propriedade Industrial, ndipo pepala lake ndilo umboni wosavuta kuonetsa pa mlandu.

Pa micira yatsopano anawonjezera zochinjiriza zina. Mcira usanatsegulidwe kwa anthu onse, eni zizindikiro zolembetsedwa amapatsidwa masiku osacepera 30 kuti atenge maina awo. Kenaka kwa masiku 90, wina akafuna dzina lofanana ndi cizindikiro ca eni, amacenjezedwa kaye. Palinso njira yacangu yochedwa URS, imene imangoimitsa dzina osalisamutsa. Malamulo onsewa ndi a micira monga .shop ndi .africa. Micira ya maiko, monga .mz, imayendera malamulo a dziko lake.

Ngati gulu lanu, sukulu yanu kapena shopu yanu ikufuna dzina, onetsetsani kuti lalembetsedwa m'dzina la gululo, osati la mnyamata wodziwa makompyuta amene wakuthandizani. Mukadzayambana naye, dzina lidzapita naye. Musaiwalenso tsiku lolipira. Pa micira monga .com ndi .africa, kampani yolembetsa maina iyenera kukukumbutsani kukatsala mwezi umodzi, ndiponso kukatsala sabata imodzi. Uthengawo umabwera pa imelo, ndiye imelo ikhale yoti mumaitsegula. Dzina likafafanizidwa mumakhala ndi masiku 30 oliombola, koma pa mtengo wokwera. Masikuwo akatha, posacedwa aliyense akhoza kulitenga.

Nanga ife amene tili ndi foni cabe?

Ambiri a ife sitidzalembetsa dzina. Koma maina amatipeza tili khale. Uthenga umabwera pa WhatsApp kapena pa Facebook: mamega aulere, nchito ku migodi ya ku Moatize, thandizo la boma kwa alimi, dinani apa. Pansi pake pali dzina la pa intaneti la mtundu wabuluu.

Micira ina yatsopano ndi yochipa kwambiri, dola imodzi kapena awiri caka coyamba. Wakuba amagula maina ambirimbiri, kugwiritsa nchito dzina limodzi masiku ocepa, likatsekedwa n'kutenga lina. Kwa zaka zambiri kampani yochedwa Freenom inkapereka maina kwaulere pa micira ya maiko monga Mali, Gabon ndi Central African Republic, ndipo akuba anadzazana kumeneko. Kampani ya Meta, mwini wake wa Facebook ndi WhatsApp, inaisumira, ndipo mu 2023 zaulerezo zinatha. Kuyambira mu Epulo 2024, mapangano a ICANN amakakamiza makampani osunga micira ndi olembetsa maina kuti azicitapo kanthu msanga akalandira umboni woti dzina likubera anthu. Mu Julayi caka comweco ICANN inalembera kalata yodzudzula kampani yosunga mcira wa .top cifukwa cosasamala madandaulo otere.

Malamulowa amathandiza, koma amafika mbuzi itadya kale cimanga. Cimene cimakutetezani pa nthawi yodina ndi kuwerenga kwanu. Apa ndiye pamene kalasi ya akuluakulu imabweza phindu.

Yang'anani dzina lonse. Ngati pali kamzere kopendekeka aka /, mawu onse a kutsogolo kwake asiyeni kaye. Pezani kamzere kamodzi koyamba kamene kabwera dzina litatha, ndipo werengani mobwerera m'mbuyo kucokera pamenepo. Nali dzina longopeka: gov.mz.thandizo-la-alimi.top/lembetsani. Likuyamba ndi gov.mz, eti? Koma mcira wake weniweni ndi .top, ndipo mwini wake ndi amene analembetsa mawu akuti thandizo-la-alimi. Mawu a gov.mz wangowamata kutsogolo ngati cigoba. Tsamba la boma lathu limathera ndi .gov.mz, ndipo pakati pa mz ndi kamzere kaja sipakhala mawu ena.

Kenaka werengani cilembo cimodzicimodzi. Zilembo r ndi n zikagundana zimaoneka ngati m. Nambala 0 imafanana ndi cilembo o. Nambala 1 imafanana ndi cilembo l. Pa foni yaing'ono, padzuwa, maso atatopa, n'kosavuta kupusitsidwa. Cilembo cimodzi si nkhani yaing'ono. Mu 2023 zinadziwika kuti makalata ambirimbiri a pa imelo opita kwa asilikali a ku America ankasocera kwa zaka zambiri. Mcira wa asilikaliwo ndi .mil, wa dziko la Mali ndi .ml. Olembawo ankangoiwala i.

Anthu ena amati mukaona kaloko pafupi ndi dzina, ndiye kuti tsambalo ndi labwino. Ayi. Kaloko kamangotanthauza kuti anthu a m'njira sangawerenge zimene mukutumiza. Sikanena kuti wolandirayo ndi wacilungamo. Akuba nawonso ali ndi maloko.

Musaganize kuti mcira uliwonse wacilendo ngwa akuba. Mabizinesi abwino ambiri ali pa .shop kapena .africa, ndipo akuba ambiri ali pa .com pomwepo. Pali micira ina yokhwima: pa .bank amalola mabanki okhaokha amene afufuzidwa. Conco mcira wokha sukuuzani zonse. Funso ndi lakuti: kodi dzinali ndi lomwe lija lalembedwa pa cikwangwani ca ofesi, pa risiti, kapena pa pepala locokera kwa eni ake?

Tsamba likakupemphani PIN ya M-Pesa, ya e-Mola kapena ya mKesh, tsekani. Likakupemphani nambala imene yangobwera kumene pa SMS, tsekani. Likati muyambe mwalipira kuti mulandire mphatso kapena nchito, kapena mutumize uthengawo kwa anzanu 10, tsekaninso. Ngati mwapereka kale PIN, isintheni nthawi yomweyo, ndipo imbirani kampani ya foni yanu kapena pitani ku shopu yawo. Uthengawo musaufafanize, ndiwo umboni wanu ku polisi. Uzaninso amene anakutumizirani, cifukwa kawirikawiri amakhala m'bale amene sakudziwa kuti akufalitsa msampha.

Micira ina ikubwera

ICANN inakonza zoti mu 2026 ilandirenso mapempho a micira yatsopano. Mtengo umene inaika pa ulendo wa 2026 ndi madola 227,000. Inakonzanso ndondomeko yocepetsera mtengo kwa mabungwe osowa ndalama ndiponso ocokera ku maiko osauka. Mu 2012 ndondomeko yotere inalipo, koma anapempha ndi atatu okha, ndipo anavomerezedwa ndi mmodzi. Mapempho akatsekedwa, ICANN imatulutsa poyera mndandanda wa maina onse amene apemphedwa, ndipo maboma ndi magulu a anthu amapatsidwa nthawi yoti atsutse. Mndandanda wa 2012 unatuluka pa 13 Juni, ndipo ndi tsiku limenelo pamene anthu a ku Brazil ndi ku Peru anaona dzina la mtsinje wawo lili m'gulu la maina opemphedwa.